Nyenyezi ziwiri: anapitiriza kundidula nditasiya umembala

Kampani ya inshuwalansi ya maliro imene ndinali membala wake kuno ku Kasungu ndikuipatsa nyenyezi ziwiri mwa zisanu. Dzina ndalisiya dala, poti anzanga amene ali ku makampani ena akudandaulanso zofanana.

Ziwirizo ndi za ntchito ya maliro yeniyeniyo, ndipo pamenepo sindiwanena. Mphunzitsi mnzanga bambo ake atamwalira ku Chamama, bokosi linafika pa nthawi yake, galimoto inabwera, ndalama yothandizira pa siwa inalowa pa foni thupi lisananyamuke. Zitatu zinazo ndawalanda chifukwa cha mmene amachitira ndi munthu amene wanena kuti basi, ndatuluka.

Polowa panalibe vuto. Ajenti wawo anatipeza pa sukulu pathu cha ku Santhe, mafomu ali m'chikwama, ndipo belu la buleki lisanalire tinali titasayina. Mafomuwo anali awiri: ya umembala, ndi ina yololeza kampaniyo kuti izitenga yokha ndalama ku akaunti yanga ya ku banki mwezi ndi mwezi, imene amati direct debit. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya pamwezi inakwera kufika K9,000. Nthawi imeneyo n'kuti aphunzitsi a m'dera lathu titayambitsa thumba lathu la zamaliro, ndiye kulipira kuwiri kunandilemera.

Mu Malichi 2024 ndinalemba kalata yosiya umembala, makope awiri, n'kupita nayo ku ofesi yawo pa boma. Mtsikana wa pa kauntala anaiwerenga mwachangu n'kuiponya mu tileyi momwe munali kale mulu wa mapepala.

"Ingosiyani aphunzitsi, tiitumiza ku likulu."

"Chonde achemwali, dindaniko kope langali."

Anafufuza chidindo m'dirowa monyinyirika, n'kudinda, kulemba tsiku ndi kusayina. Inki inali yofooka koma tsikulo linkawerengeka. Ndalama yanga inabwerera chifukwa cha pepala limeneli, osati chifukwa cha chifundo cha wina aliyense.

Mu Epulo anadula. Imeneyo sindinaidandaule, chifukwa mgwirizano wathu unkati munthu azichenjeza kukadali mwezi umodzi. Koma mu Meyi anadulanso. Meseji yoti malipiro alowa ikangolira, pasanapite nthawi inkabwera inzake yoti K9,000 yatuluka. Mu Juni zinafika poipa: malipiro anachedwa, kampani inagogoda pa akaunti yopanda kanthu, banki inandilipiritsa chindapusa poti ndalama inali yosakwana, ndipo malipiro atalowa anabweranso kudzatenga yawo ija.

Ambiri timasokoneza direct debit ndi standing order, pomwe ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Pa standing order mwini akaunti ndiye amalamula banki kuti pa tsiku lakuti izitumiza ndalama yakuti kwa uje, ndipo akafuna kuimitsa amangouza banki yomweyo. Pa direct debit amene amapempha ndalama ndi kampani, itanyamula chilolezo chimene unasayina. Banki sidziwa kuti munasiyana. Dzina lako likakhala kuti likadali pa mndandanda umene kampani imatumiza mwezi uliwonse, ndalama ituluka basi. Zili ngati kuuza munthu kuti asabwerenso pakhomo koma kiyi wa chipinda cha matumba a chimanga osamulanda. Kalata yanga ija, mwachionekere, inagona mu tileyi ku Kasungu kuno pomwe mndandanda unkapangidwa ku likulu.

Ku banki anandithandiza bwino, ngakhale mzere wake wa kumapeto a mwezi mukuudziwa. Ndinalemba kalata yothetsa chilolezo chija, ndipo kuchokera pamenepo sanadulenso. Koma za kubweza anakana poyera. "Bambo, ife tinangotsata zimene munasayina. Ndalamayo ili ndi eni ake, kawafunseni komweko." Ndinagula sitetimenti ya miyezi inayi, nayonso yolipira, n'kuzunguliza ndi cholembera chofiira mizere yonse imene anadula.

Pamene ndinakhumudwa kwenikweni ndi pa yankho la mkulu wa nthambi ya kampaniyo. Anayang'ana sitetimenti, anayang'ana kalata, n'kunena mosatekeseka kuti: "Komatu aphunzitsi, miyezi imeneyi munali otetezedwa. Chikanachitika chinachake, tikanakuikani ndife." Ndinawafunsa kuti maliro akanagwadi mu Juni, kodi kalata yangayi sikanapezeka msangamsanga kuti akane kulipira, poti ndinali nditasiya kale? Anangoseka, n'kundipatsa nambala ya ku likulu. Kumeneko ndiye kwa "tikuziyang'ana bwana, mutiimbirenso", mayunitsi akutha, woyankha aliyense kumuyambira nkhani pachiyambi ngati sunaimbepo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandipatsa nambala ya dandaulo langa.

Zinasintha nditasiya kuimba n'kuyamba kulemba. Malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010, gavanala wa Reserve Bank of Malawi ndiyenso Registrar of Financial Institutions, amene amayang'anira mabanki, makampani a inshuwalansi, a penshoni, ma SACCO ndi obwereketsa ndalama zing'onozing'ono. Ofesi imeneyi imalandira madandaulo a makasitomala, koma munthu umayamba wadandaula kaye ku kampani yomwe yakulakwirayo. Palinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe, lomwe limamva madandaulo a ogula. Ndinalemba kalata ya tsamba limodzi kwa woyang'anira madandaulo ku likulu lawo: tsiku limene ndinasiya, masiku amene anadula, ndalama yonse pamodzi, nambala ya akaunti yobwezerako, ndi chiganizo chimodzi chonena kuti akapanda kuyankha nkhaniyi ndikaitula kwa Registrar. Ndinaphatikiza fotokope ya kalata yodindidwa ija ndi sitetimenti. Makope enieni ndinasunga kunyumba, ndipo kalata yatsopanoyi nayonso ndinadinditsa.

Ku Reserve Bank sindinafikeko n'komwe. Mayi wina wa ku likulu anandiimbira yekha, mwaulemu wake, ndipo mu Julayi K18,000 ya Meyi ndi Juni inalowa. Chindapusa cha ku banki chija anakana kubweza, ati chimenecho ndi cha pakati pa ine ndi banki yanga, ngakhale amene anachiyambitsa ndi iwo pogogoda popanda chilolezo. Mukaphatikiza sitetimenti, mafotokope, mayunitsi ndi minibasi kuchoka ku Santhe kupita pa boma, gawo lalikulu ndithu la ndalamayo linathera m'njira. N'chifukwa chake ambiri amangoti zisiyeni, ndipo ndikuona kuti kampani imene sikonza msanga vuto ngati ili ndiye kuti zikuikomera.

Amene ndikuwamvera chisoni ndi alimi a fodya. Ife a malipiro a pamwezi timaona msanga chifukwa tambala iliyonse ili ndi ntchito yake. Mlimi wa ku Chulu kapena ku Nkhamenya amene akaunti yake imaona ndalama pokhapokha akagulitsa ku Chinkhoma angathe kudzazindikira msika utatsegulidwa, zindapusa zitaunjikana.

Anzanga ena amaganiza kuti ukatuluka amakubwezera zonse zimene unapereka kuyambira pachiyambi. Pa mgwirizano wathu sizinali choncho. Inali inshuwalansi chabe, osati masheya a ku SACCO, ndipo ndalama ya miyezi imene unali membala inapita. Choyenera kulimbira ndi chokhacho chimene anadula nthawi ya chenjezo itatha.

Wofuna kulowa alowe, maliro amayendetsa bwino. Koma afunse kaye ajentiyo kuti potuluka kalata imapita kwa ndani, ndipo tsiku losiya apite ku ofesi ziwiri, ya kampani ndi ya banki. Ine dzina langa likuoneka kuti silinafufutidwebe m'kompyuta yawo: mu Ogasiti ananditumizira meseji yonditcha membala wokondedwa, yondichenjeza kuti sindinalipire ndipo umembala wanga uli pachiopsezo chothetsedwa.