Kakhushoni ka jelo ka pa chishalo, patatha miyezi 8

Dzulo pa siteji ya kabaza ku Nchalo achimwene ena anandifunsa kuti "kodi kakhushoni kanu ka jelo kaja kakadalipo?" ndiye ndati ndilembe zonse, poti ndine ndinkakachemerera kwambiri nditangokagula ku Limbe mu Epulo.

Zabwino kaye. Sikaterereka, chingwe chomangira pansi pa chishalo sichinaduke. Msana ndi matako zinasiya kuwawa, olo tsiku loti ndapalasa mpaka ku Ngabu ndi kubwerera. Ukakadina ndi chala kamalowa n'kubwerera pang'onopang'ono ngati mnofu wa pantchafu, osati siponji ija imangophwatalala mwezi umodzi. Mphwanga amene amaphunzira sayansi anandiuza kuti mkatimo muli timaulusi ta pulasitiki tolukana ngati ukonde, tagwira mafuta, monga momwe ulusi wa kolajeni umagwirira madzi mumnofu wathu. N'chifukwa chake thupi silitsamira pa mafupa awiri okhalira aja okha.

Koma dzuwa lathu lino abale. Mu Okutobala kutentha kukupitirira madigiri 40, ndinasiya njinga pamtetete ndikudya nsima, pobwera kakhushoni kafewa kuti phwii, kakuotcha ngati chiwaya, nsalu yake yanyowa. Ine ndimayesa thukuta langa. Kufika kunyumba mayi a ana akuti "bambo mwakhalira chani?" kuona kumbuyo banga la mafuta lozungulira, sopo osachotsa, mabuluku awiri anapita choncho ndipo limodzi linali lopita nalo kutchalitchi. Ukonde uja ukatenthedwa umalavula mafuta ake, pomwe achoka pamauma. Pano mbali ya kumanja yalimba, jelo wathawira m'mphepete. Mnofu wa munthu ukapweteka umapola wokha, ichi chikawonongeka basi chapita.

Masiku ano ndimaimika njinga pansi pa nimu n'kuphimba ndi saka, kudontha kwachepako.

Chinandiwawa ndi wogulitsa. Ndinamuimbira, poyamba akuti palibe anadandaulapo, kenako akuti zinthu zimenezi si za kuchigwa kotentha. Chonsecho tsiku logula ndinamuuza ndekha kuti ndine wa ku Nchalo, iye anangoti "tengani bwana n'kolimba". K18,000 imene ndinalipira inali thukuta la masiku angapo pa kabaza, sanabweze olo K1,000.

Tsiku lomwe msana uli bwino ndimati ndingagulenso mawa. Ndikaona mabuluku aja mtima umabwerera. Achimwene aja ndawauza kuti agule ndithu koma kukazizira mu Meyi, asamasiye njinga padzuwa, ndipo shopu ija ndawalozera kuti asakalowemo.