XAMPP ndi WordPress pa laputopu: ndamanga blog yanga osawotcha bandulo

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndakhala ndikugwiritsa ntchito XAMPP pamodzi ndi WordPress, pulogalamu yomangira blog, kuyambira nthawi yokolola thonje, ndipo aliyense wa kuno kuchigwa amene akufuna kuyamba blog koma ndalama ya bandulo ikumupinga, ayambire pamenepa.

Ine ndimakhala ku Ngabu. Cholinga changa chinali kukhala ndi tsamba lolembapo za ulimi wathu: thonje, mapira, chitowe, mbuzi, komanso za kudimba madzi a Shire akaphwera. Koma tsamba kuti lioneke pa intaneti pamafunika kulipira malo osungirapo ndi dzina lake, ndipo ine ndinali ndisanadziwe n'komwe mmene ndikufuna lizionekera. Mphwanga amene anaphunzira za makompyuta ku Blantyre ndiye anandiletsa. Anati, "Achimwene, musalipire kaye. Limangeni pa laputopu yanu yomweyi, mukakhutira nalo m'pamene tilikweze."

XAMPP ndi pulogalamu yaulere ya gulu lotchedwa Apache Friends. M'kati mwake muli Apache, MariaDB ndi PHP, zomwe WordPress imafuna kuti iyende, choncho laputopu imasanduka seva yakeyake, kutanthauza makina osungirapo tsamba. Poyambira, intaneti imafunika potsitsa XAMPP ndi WordPress basi. Ife tinatsitsira pa foni usiku, netiweki ili bwinoko. Mukaika XAMPP mumatsegula kabokosi kake n'kudina Start pa Apache ndi pa MySQL (ndiyo MariaDB ija), mayina awiriwo n'kusanduka obiriwira. Foda ya WordPress mumaiponya mu foda ya XAMPP yotchedwa htdocs, kenako mumalemba localhost/phpmyadmin mu browser n'kupanga database (mosungira nkhani za tsamba) yopanda kanthu. WordPress ikafunsa dzina lolowera mu database mumalemba root, pa pasiwedi n'kusiyapo popanda kanthu. Zikatero mwamaliza.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi ufulu wosintha zinthu popanda mantha. Ndinasankha theme (maonekedwe a tsamba) yotchedwa Twenty Twenty-Four, yomwe inabwera kale m'kati mwa WordPress. Mukalowa pa Appearance, kenako Editor, mumasintha mitundu, kukula kwa zilembo, ngakhale kusuntha mutu wa tsamba. Ndinayesa mtundu wofiirira ngati dothi, sunandikomere. Ndinayesa wobiriwira, zilembo zinkabisala. Pomaliza ndinakhazikika pa zilembo zakuda zikuluzikulu pamalo oyera, chifukwa anthu amene ndikuwalembera adzawerengera pa foni, ena ali panja dzuwa likuswa mtengo. Pamwamba ndinaikapo chithunzi chimene ndinajambula ndekha: mayi akupeta chitowe m'lichero, mankhusu akuuluka. Zonsezi ndinkachita madzulo, data ya pa foni ili yotseka, tsamba likutseguka nthawi yomweyo ndikangodina. Amene anadikirapo tsamba likuzungulira pa netiweki ya kuno amvetsa chimene ndikunena.

Mu WordPress muli batani loonetsa mmene nkhani idzaonekere pa foni, ndipo limeneli musalinyalanyaze. Zithunzinso muzizichepetsa musanaziike. Pa laputopu yanu chithunzi cholemera chimatseguka msanga moti simungazindikire vuto, koma tsiku limene tsambalo lidzakwere pa intaneti, mlimi wa ku Bangula ndiye adzalipire kulemerako ndi bandulo yake. Zimenezi ine zimandikhudza, chifukwa ndikudziwa mmene ndalama imeneyo imapezekera.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa tsiku loyamba si la munthu yekha. Mauthenga onse ndimawawerenga m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo pakanapanda mphwanga sindikanadziwa kuti Apache ikakana kuyaka, nthawi zambiri ndiye kuti pulogalamu ina yatenga kale khomo limene iyo imadutsira, lomwe amati port 80. Dziwaninso kuti theme kapena plugin (kapulogalamu kowonjezera mu WordPress) yatsopano imafuna intaneti kuti muitsitse. Ndipo tsamba la pa localhost, kutanthauza la pa laputopu yanu yomweyo, limaoneka pa makina anu okha. Simungatumizire mnzanu wa ku Nsanje linki pa WhatsApp kuti aone.

Pali nkhani ina imene ndikufuna anthu a kuno aimvetsetse bwino. Blog imeneyi imakhala malo awiri. Zithunzi ndi theme zili mu foda ya wp-content ya m'kati mwa WordPress, koma nkhani zonse zimene mwalemba zili mu database. Mukakopera foda yokha pa fulashi n'kumaganiza kuti mwasunga ntchito yanu, nkhanizo mwazisiya. Muyenera kulowanso mu phpMyAdmin, kudina Export, n'kusunga fayilo ya .sql pamodzi ndi fodayo. Kwa ife izi n'zofunika kwambiri. Batire ya laputopu yanga inatha mphamvu, magetsi akangothima nayonso imazima, ndipo database ikazimitsidwa mwadzidzidzi ili m'kati molemba imatha kuwonongeka. N'chifukwa chake ndikamaliza ntchito ndimayamba ndadina Stop ndisanatseke makina. Komanso tonse tikukumbukira zimene madzi anachita mu 2015 ndi nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Fulashi yanga imakhala m'kabotolo kotseka bwino, pamwamba, kutali ndi laputopu.

Za kutentha ndinene mwachidule. Mu Okutobala ndi Novembala laputopu yakale imatentha yokha ngakhale musanatsegule kanthu, ndiye ine ndimaikweza pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo ndimagwira ntchito m'mamawa kapena usiku. XAMPP payokha sindinaione ikulemetsa makina.

Ngati mukungofuna kulengeza malonda mwa apo ndi apo, tsamba la pa Facebook likukwanirani, musadzivutitse. Koma ngati muli ndi nkhani zambiri zoti zikhale mwadongosolo, zoti munthu adzazipeze ngakhale patapita zaka, njira iyi ndi yabwino. Panopa ndikumaliza nkhani za kasungidwe ka mbewu ya mapira, ndipo ndikagulitsa mbuzi mwezi wamawa tilipira malo, mphwanga asamutse tsambalo ndi plugin yotchedwa Duplicator.