Phunziro la galimoto yothamanga yokha pa sukulu ina ya madalaivala ku Chipata

Sukulu zambiri zophunzitsa kuyendetsa galimoto muno mu Chipata cholinga chawo chimathera pa layisensi ya RTSA, ndipo wophunzira akangodziwa kubwerera m'mbuyo, kunyamuka pachitunda ndi kuwerenga zikwangwani za pamsewu, amauzidwa kuti wapsa. Koma pali sukulu ina m'tauni muno imene imachititsa phunziro lalifupi Loweruka kwa anthu amene ali kale ndi malayisensi, ndipo mutu wake ndi zimene dalaivala ayenera kuchita galimoto ikayamba kuthamanga yokha, kapena ikakana kuchepetsa liwiro iye atachotsa kale phazi pa pedulo ya moto. Ndinalembetsa nawo, ndipo ndikuona kuti phunziroli ndi loyenera ndalama yake, ngakhale kuti pali zinthu ziwiri zazikulu zimene eni sukuluyo sanaziganizire.

Aphunzitsi ake ndi bambo achikulire amene anayendetsapo mabasi a pakati pa Chipata ndi Lusaka, ndipo sataya nthawi ndi bolodi. Anatitengera pabwalo lopanda anthu kunja kwa tauni ndi Corolla ya otomatiki, natiuza ndondomeko yonse m'mawu ochepa. Choyamba ndi kuponda buleki mwamphamvu, ngakhale ndi mapazi onse awiri, osachotsapo phazi. Kenaka giya ikankhidwe kupita pa N, pamene injini imaleka kukankha mawilo, kapena kuponda kilatchi ngati galimotoyo ndi ya manyuwo, ndipo dalaivala alondolere galimoto kumanzere kwa msewu mpaka itaima. Kuzimitsa injini kumabwera pomalizira penipeni.

Chimene ndinakonda n'chakuti anafotokoza chifukwa cha chilichonse, pakuti munthu wamkulu sagwira lamulo limene sakulimvetsa. Ambiri a ife tinazolowera kupopa buleki, kuponda ndi kusiya, monga ankachitira madalaivala akale. Iwo anati m'galimoto ya petulo mphamvu yothandiza phazi poponda buleki imachokera ku kukoka mpweya kwa injini, ndipo pedulo ya moto ikakanirira pansi kukokako kumachepa kwambiri. Ndiye ukapopa kangapo umamaliza mphamvu imene inasungidwa, buleki n'kuuma gwa. Kuponda pang'onopang'ono kwa mtunda wautali nakonso n'koopsa, chifukwa mabuleki amatentha mpaka kuleka kugwira. Mpata wabwino ndi woyambawo, mabuleki akadali ozizira, ndipo uyenera kugwiritsidwa ntchito wonse nthawi imodzi.

Mbali ya giya ndiyo inali mtima wa phunziro lonse. Aliyense anayendetsa Corolla ija pang'onopang'ono, phazi lili pamoto, ndipo aphunzitsi akalamula ankayenera kukankha giya kuchoka pa D kupita pa N ndi chikhatho, osakanikiza kabatani ka pachogwirira. Pa galimoto zambiri za mtundu umenewu giya imalowa pa N popanda kabataniko, koma siingadumphire pa R ngati sunakakanikize, choncho munthu wamantha sangalakwitse n'kulowetsa giya yobwerera m'mbuyo. Giya ikangolowa pa N injini imabangula koopsa, ndipo apa m'pamene ambiri ankasokonezeka. Mayi ena amene amayendetsa Noah yonyamula ana a sukulu anabwezera giya pa D msangamsanga poopa kuti injini iphulika. Aphunzitsi anawauza modekha kuti mayi, injiniyo ilekeni ilire, chifukwa galimoto zamakono zili ndi malire amene injini siingapitirire pozungulira, ndiponso injini ikawonongeka makaniko alipo. Anawabwereza mpaka dzanja lawo linasiya kunjenjemera. Zimenezi munthu sangaziphunzire powerenga, ndipo ndi chifukwa chake ndikunena kuti ndalama yanga sinapite pachabe.

Za kiyi anachenjeza kwambiri. Injini ikazima galimoto ikuyenda, chiwongolero chimalemera ndipo buleki imafuna mphamvu zambiri. Ngati giya yakaniratu kulowa pa N, kiyi apotozedwe kamodzi kokha kufika pa ACC, osafikitsa pa LOCK ndiponso osamuzula, chifukwa chiwongolero chikhoza kukhomeka. Handibuleki anati isakokedwe mwadzidzidzi paliwiro lalikulu, pakuti imagwira mawilo a kumbuyo okha ndipo galimoto ikhoza kupotoloka.

Titamaliza kuyendetsa, anayendera galimoto zathu zimene tinabwera nazo, nasuzumira pansi pa chiwongolero. Zimene anapeza zinali zochititsa manyazi: kapeti ya rabala yogula pamsika yoyalidwa pamwamba pa kapeti imene inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, yopanda zokolekera, itasendera kutsogolo mpaka kukhudza pedulo; botolo la madzi logubuduzika pansi pa mpando; ndi patapata amene dalaivala wina wa taxi amavula akamayendetsa. Nkhani ya makapeti si yaing'ono ayi. Mu August 2009, pafupi ndi San Diego ku America, wapolisi wa pamsewu anafa pamodzi ndi abale ake atatu m'galimoto ya Lexus ES 350 imene anabwereka kwa ogulitsa galimoto, ndipo ofufuza anapeza kuti munali kapeti ya galimoto ya mtundu wina imene inapanikiza pedulo ya moto. Chaka chomwecho Toyota, kampani imene imapanga Lexus, inaitanitsa galimoto pafupifupi 3.8 miliyoni ku America chifukwa cha makapeti, ndipo mu January 2010 inaitanitsanso 2.3 miliyoni chifukwa cha mapedulo okanirira. Akatswiri a NASA, bungwe la boma la America lofufuza za mlengalenga, atafufuza, lipoti limene linatuluka mu 2011 silinapeze vuto m'makompyuta a galimotozo, koma mu 2014 kampaniyo inalipira boma la America madola 1.2 biliyoni chifukwa chosanena zoona pa mavutowa. Aphunzitsi anaikhudza nkhaniyi mwachidule, ndipo ndikanakonda akanaitambasula, chifukwa wapolisi uja anali dalaivala wodziwa ntchito yake, ndipo zimenezi zikanachotsa matama mwa ena a ife amene timaganiza kuti zoterezi zimagwera ophunzira okha.

Anatchulanso chinthu chimene madalaivala sakonda kumva, chakuti nthawi zambiri galimoto imakhala yopanda vuto, koma phazi ndilo laponda moto mwini wake akukhulupirira kuti ali pa buleki. Zimachitika kwambiri poimika galimoto kapena potuluka pamalo opanikizika. Langizo lawo linali lakuti ngati ukuponda koma liwiro likuwonjezeka, nyamula phazi lonse, uliike kumene pa pedulo yaikulu ya kumanzere kwa moto, ndipo dzanja lipite ku N nthawi yomweyo.

Tsopano zoperewera. Sukuluyi ili ndi galimoto imodzi yokha yophunzitsira, ya kiyi, pamene galimoto zambiri zimene zikulowa kudzera pa Nakonde masiku ano ndi zoyatsa ndi batani. Pa galimoto zambiri za Toyota zoterezi, kudina batani kamodzi galimoto ikuyenda sikuzimitsa injini. Umayenera kulikanikiza kwa masekondi pafupifupi 3 osachotsapo chala. Pa Prius, kagiya kake kamabwerera kokha pakati, ndipo kuti N ilowe umayenera kukagwira pamenepo kwa kanthawi. Zimenezi sizinaphunzitsidwe konse, chonsecho ena mwa ophunzira anabwera ndi galimoto zotero.

Choperewera chachiwiri ndi dizilo. Kuno ku Eastern Province ma Hilux, ma Canter ndi maminibasi a dizilo ndiwo amanyamula chimanga, mtedza, fodya ndi anthu, ndipo injini ya dizilo ili ndi vuto lakelake. Turbo, imene imakankhira mpweya mu injini, ikatha n'kuyamba kudontheza oyilo m'njira ya mpweya, injini imayamba kutentha oyiloyo ngati mafuta, n'kumathamanga yokha ikutulutsa utsi wochuluka, ndipo ngakhale uzimitse kiyi siima. Pa galimoto ya manyuwo, dalaivala akaimitsa galimoto amalowetsa giya yapamwamba, kuponda buleki mwamphamvu n'kusiya kilatchi kuti injini ithime. Njira ina ndi kutseka polowera mpweya. Munthu amene amatsika mapiri a Manenekela ndi katundu, kulowera ku mlatho wa Luangwa, amafunika kumva zimenezi kuposa wina aliyense, ndipo ndinadabwa kuti aphunzitsi amene anayendetsapo mabasi pamsewu womwewo anangozidumpha.

Zina ndi zazing'ono. Tinayamba mochedwa, pabwalopo panalibe mthunzi, ndipo sanatipatse pepala lililonse loti tikawerengere kunyumba kapena kupatsa anzathu.

Amene amayendetsa otomatiki ya kiyi m'tauni muno, momwe njinga zonyamula anthu ndi makala zimadzaza m'mbali mwa msewu, apindula kwambiri ndi phunziroli monga lilili. Amene ali ndi galimoto ya batani kapena ya dizilo afunse kaye asanalipire ngati aphunzitsi angalole kuti ayeserere pa galimoto yawoyawo, chifukwa giya ndi batani zimene dzanja liyenera kuzolowera ndi za galimoto imene munthu amayendetsa tsiku ndi tsiku.