Kusamutsira kampani ku Delaware poiphatikiza ndi ina: ntchito ya ofesi yolembetsa makampani ya ku Dover

Kampani yolembetsedwa ku California ikafuna kukhala ya ku Delaware (onse awiri ndi madera a dziko la America), sisamutsa maofesi kapena antchito. Imatsegula kampani ina yatsopano ku Delaware, yopanda katundu, kenako yakaleyo imalowa mwa yatsopanoyo n'kutha. Google inachita zimenezi mu 2003. Zikalata za kusamuka kotere zimadutsa ku Division of Corporations, ofesi ya boma la Delaware yomwe ili ku Dover, ndipo maganizo athu ndi akuti ofesiyi imagwira bwino ntchito yake, bola munthu adziwe pomwe ntchitoyo ikuthera.

Choyamba mumapeza registered agent, munthu kapena kampani yokulandirirani makalata a boma ndi a khoti, wokhala ndi adiresi ya ku Delaware, chifukwa popanda iye kampani silembetsedwa. Dzina la kampani mukhoza kulisungitsa kwa masiku 120. Mukalembetsa kampani yatsopanoyo, maloya amalemba mgwirizano wa kuphatikizana wonena kuti sheya iliyonse yakale isanduka sheya ya kampani yatsopano. Mabodi onse awiri amavomereza, eni masheya a kampani yakale amavota, kenako chikalata cha kuphatikizanaku, chotchedwa certificate of merger, chimaperekedwa ku Dover motsatira gawo 252 la malamulo a makampani a Delaware. Chikalata china chimapita ku ofesi ya dera lomwe mukuchokako.

Chomwe tikuyamikira kwambiri ndi kusunga nthawi. Ofesiyi imadinda tsiku ndi ola lomwe chikalata chalandiridwa, ndipo mukhoza kulembamo nokha kuti kuphatikizanaku kudzayambe kugwira ntchito tsiku lakuti, ola lakuti, malinga ngati sipadutsa masiku 90. Zimenezi n'zothandiza zedi kwa owerengera ndalama ofuna kuti mabuku akale atsekedwe kumapeto kwa mwezi, komanso kuti madera awiriwo asasiyane masiku. Ofulumira amalipira zoonjezera. Pali ntchito ya maola 24, ya tsiku lomwelo, ya maola awiri yomwe yakhala pa madola 500, ndi ya ola limodzi pa madola 1,000. Ndalama zotere n'zoyenera pokhapokha ngati oika ndalama akudikira chikalatacho kuti atumize ndalama zawo. Ngati palibe amene akukuthamangitsani, ya maola 24 ndi yokwanira.

Koma ofesiyi imangoona ngati chikalata chalembedwa m'njira yoyenera. Siikuchenjezani za msonkho, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapsa.

Msonkho wa pachaka umaperekedwa pofika 1 March, ndipo kalata yake imabwera itawerengedwa potengera chiwerengero cha masheya omwe kampani inaloledwa kukhala nawo. Masheya 5,000 kapena ocheperapo ndi madola 175, kufika 10,000 ndi madola 250, ndipo masheya 10,000 alionse oonjezera ndi madola 85. Kampani yaing'ono yomwe inalemba masheya 10 miliyoni imalandira kalata ya madola 85,165. Eni ake mtima umangoti phwii, pomwe lamulo limalola njira yachiwiri yotchedwa assumed par value capital, yoyang'ana katundu yense wa kampani ndi masheya omwe aperekedwadi, ndipo imayambira pa madola 400. Muyenera kulowetsa manambalawo nokha pa intaneti kuti ngongole itsike. Ife tikuona kuti kalatayo ikanamafotokoza zimenezi poyera pamwamba penipeni. Kuchedwa kulipira kumabweretsa chindapusa cha madola 200 ndi chiwongoladzanja cha 1.5 peresenti pamwezi.

Vuto lachiwiri ndi kuganiza kuti mwathana ndi dera lakale. Ngati antchito ndi ofesi zatsalira ku California, kampani yatsopanoyo iyenera kulembetsanso kumeneko ngati yochokera kunja, ndipo msonkho wa kumeneko wosachepera madola 800 pachaka umapitirira. Mumalipira mbali ziwiri.

Ku boma lalikulu la America, kusamuka kotere kumawerengedwa ngati F reorganization pansi pa gawo 368(a)(1)(F) la malamulo a msonkho, kutanthauza kuti kampani ndi yomweyo, yangosintha malo kapena mtundu, choncho palibe msonkho pa kusinthana masheya ndipo nambala ya msonkho imakhala yomweyo. Izi zimatheka ngati eni masheya ndi omwewo, magawo awo sanasinthe, ndipo kampani yatsopano inalibe katundu kapena bizinesi. Kulowetsa woika ndalama watsopano mkati mwa kuphatikizanako kungasokoneze zonse. Mulowetseni pambuyo pake, ndi zikalata zakezake. Werenganinso mapangano a lendi, ngongole za kubanki ndi ziphaso. Katundu ndi ngongole zimasamuka zokha mwalamulo, koma mapangano ena amafuna chilolezo cha mbali inayo.

Funsaninso loya ngati kuphatikiza n'kofunikadi. Madera ambiri tsopano amalola conversion, pomwe kampani imangosintha kwawo popanda kutsegula ina, ngati mmene Tesla inachokera ku Delaware kupita ku Texas mu 2024. Wotuluka ku Delaware adziwe kuti ofesi ya ku Dover siilandira chikalata chotulukira mpaka msonkho wonse utaperekedwa.