Free Fire, Metro Royale kapena Albion: ukafa umatsala ndi chiyani?

Mphwanga wa ku Chilenje kuno ku Lusaka wandifunsa kachitatu tsopano, nawonso anyamata okonza mafoni ku Kamwala sakundipatsa mpata: achimwene, tiike gemu iti? Za magirafiki safunsa ayi. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti ukathera mwezi wonse ukukulitsa munthu wako, ndiye wina n'kukugwetsa, umatsala ndi chiyani m'manja. Ndilembe kamodzi kuti ndipume.

Free Fire sindichedwapo, aliyense akuidziwa. Anthu 50 pachilumba, mphindi ngati 10 zatha. Ukafa umangotaya mapointi a ranki. Munthu wako wa m'gemu, monga Alok, ndi zovala zimene unagula ndi madayamondi (ndalama za m'gemumo) mawa uzipeza zili pomwepo. Imayenda ngakhale pafoni yotopa. Koma popeza palibe chotaya chenicheni, ena amangothamangira zipolopolo ngati nkhuku zaona chimanga, pamene oopa kutsika ranki amagona mu udzu mpaka anthu atatsala ochepa. Ine inandikola msanga.

Metro Royale, ija ili mkati mwa PUBG Mobile kuyambira 2020, ndiyo imagunditsa mtima. Umalowa ndi chisoti chako, vesti, mfuti ndi chikwama, n'kutola zimene ungathe, kenako uthawire potulukira. Akakupha usanatuluke, katundu wako amatola ndi ena, kupatula timene wabisa m'kabokosi kotetezedwa. Chimene sindikondwera nacho n'chakuti mphamvu zako zonse zili m'katundu. Ukafa katatu motsatizana umabwerera wausiwa, n'kukumana ndi munthu wovala zida za levulo 6 amene zipolopolo zako zimangomuyabwa. Wolemera amangolemererabe.

Tsopano Albion Online. Pano ndichedwapo, chifukwa ndi imene inandiliza, komanso ndi imene ndikusewerabe.

Inatuluka mu 2017, inakhala yaulere mu 2019, pafoni inafika mu 2021. Dziko lake analigawa ndi mitundu. Kumalo a buluu palibe amene angakuukire. Kwachikasu akhoza kukugwetsa koma katundu sakulanda. Kofiira ndi kwakuda ukafa amakuvula zonse, zina zimasanduka zinyalala, zotsala amatola wakuphayo. Ndipo chuma chenicheni chili komweko koopsako. Apa ndi pamene opanga ake anaganiza bwino: luso limene wapeza pomenya nkhondo, podula mitengo kapena posula zida limalembedwa ngati mapointi otchedwa fame pa Destiny Board, bolodi la luso lako, ndipo limenelo palibe angakulande. Amakuvula malaya, koma dzanja limakhala lako lomwe lija.

Tsoka langa linagwa mu 2024, chaka cha chilala chija pamene madzi anachepa ku damu la Kariba, magetsi n'kumabwera ngati mlendo. Ndinali nditasonkhanitsa zida kwa milungu itatu ku Martlock, mzinda wa m'gemumo, kuti ndikagulitse ku Black Market ya mumzinda wa Caerleon, kumene mitengo imakoma. Njira yopita ku Caerleon imadutsa kofiira, palibe kuzemba. Ndinasenzetsa ng'ombe yanga ya m'gemu katundu yense ulendo umodzi, umbombo basi, n'kuvalanso zida zanga za tier 6 (levulo 6) zimene ndinkanyadira. Kunali cha m'ma 2 koloko usiku, nthawi imene magetsi anali atangoyaka kwathu ku Kabwata. Kanambala kosonyeza adani m'deralo kanali pa ziro. Ndili pakati pa njira, babu inazima, rauta n'kufa. Foni inatenga kanthawi kuti isamukire ku data. M'masekondi amenewo munthu wako sachoka m'gemu, amangoima poyera ngati chitsa. Pamene ndinkalowanso, ndinapeza anthu atatu ataima pamtembo wanga akugawana katundu.

Ndinakhala mumdima foni ili m'manja, kutentha ngati mbatata yootcha. Mayi a kunyumba anadzuka n'kufunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati gonani, si kanthu.

Nayi mfundo imene anzathu osewera ali ku Ulaya saiganizira. Kwa iwo chiopsezo ndi mdani amene ali m'gemu. Ife kuno tili ndi adani ena awiri osaoneka: magetsi ndi netiweki. Seva ya Albion imene ambiri kuno timasankha ndi ya ku Ulaya, inatsegulidwa mu 2024, ndipo ngakhale imeneyo ili kutali. Ukadina kuti uzembe, munthu wako amamva mochedwa. Ndiye mtengo wobisika wa magemu olanda katundu si madayamondi kapena UC, ndalama za mu PUBG zija. Ndi bandulo imene umagula kuti ubweze zimene zapita usanamenye n'komwe nkhondo. Milungu itatu ija inali data yogula ndi makwacha enieni.

Nanga bwanji sindinaichotse? M'mawa mwake ndinalowa, Destiny Board ili chimodzimodzi. Ndinagula zida za tier 4 zotchipa, maseti asanu, n'kubwerera kofiira. Ndinafa kawiri osamva kuwawa, kachitatu ndine ndinavula munthu. Ku Metro Royale kugwa kotere kukanandisiya ndikupemphetsa mfuti kwa anzanga. Siliva (ndalama za mu Albion) wogulira premium, umembala umene umawonjezera fame ndi theka, ndinamupeza patapita nthawi, koma ngakhale popanda iye gemu imaseweredwa.

Wina anandiuza za Old School RuneScape, kumene ukafa ku Wilderness, dera limene osewera amaphana, umasunga zinthu zitatu zodula kwambiri ngati sunayambe ndiwe kuputa mnzako. Lamulo labwino, koma maonekedwe ake achikale anandigonetsa tulo.

Ndiye mphwanga, ngati foni yako ndi ija yosweka galasi ndipo umadalira bandulo ya tsiku limodzi, khala pa Free Fire, palibe manyazi. Metro Royale ulowe pokhapokha muli gulu la anthu anayi odziwana, oti wina akagwa anzake amutolere katundu. Ukafuna Albion ubwere Loweruka ndikuonetse njira ya ku Caerleon, koma ubwere ndi power bank yodzaza, Wi-Fi tizimitsa dala tisananyamuke, ndipo katundu tinyamula maulendo atatu.