Canon EOS 2000D: zambiri zimene amati zafa zimakhala zangotsekeka

Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya kutchalitchi, ndipo kamera imene ikundidyetsa ndi Canon EOS 2000D. Ndinaigula yogwirapo kale ntchito, pamodzi ndi lenzi yake ya 18-55mm. Ndi ya mamegapixel 24.1, khungu la anthu limatuluka bwino, ndipo batire yake ya LP-E10 imapirira mwambo wonse ngati simukujambulira pa sikirini. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Chandikakamiza kulemba ndemangayi n'chakuti anzanga ena akuinyoza kuti ndi yakufa, ati poti zina mu menyu zasowa kapena zikukana kudinika. Zimandiwawa kuona munthu akugulitsa kamera yabwinobwino motchipa chifukwa cha zimenezi.

Yambani mwaona kagudumu ka pamwamba. Kakakhala pa A+ yobiriwira ija, kapena pa tizithunzi ta nkhope, phiri, duwa ndi munthu wothamanga, kamera imadzisankhira yokha. ISO, yomwe ndi muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala, simungaisinthe, ndipo masamba ena a menyu sawoneka n'komwe. Kapotozeni kafike pa P, Tv, Av kapena M, pamene mumadzisankhira nokha, onse aja abwerera. Kanema nayenso ali ndi malo akeake pa kagudumu komweko. Mukakhala pa M n'kudina batani la kadontho kofiira, mungoyatsa Live View, koonera chithunzi pa sikirini, palibe chimene chijambulike.

Chimene chimasokoneza kwambiri ogula yakale ndi ichi. Yanga itafika inkakana ISO 100, inkayambira pa 200, ndipo pa sikirini pankaoneka kachizindikiro ka D+. Chizindikirocho chimatanthauza kuti mwini wake woyamba anasiya atayatsa Highlight tone priority, yoteteza malo owala kwambiri, mu gawo la menyu lotchedwa Custom Functions. Si chinthu choipa ayi. Mkwatibwi akatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, chimathandiza kuti maluwa osokedwa pa diresi loyera aoneke, osati lingoti mbee ngati pepala. Koma chikayaka chimatseka ISO 100, chimatseka 12800 imene imalembedwa H, n'kuzimitsanso Auto Lighting Optimizer, yokonza yokha kuwala kwa chithunzi. Ndipo mukasankha Clear all camera settings, chimenechi sichichoka. Pamafunika kusankha mzere winawo, wofufuta ma Custom Functions, ndipo mzerewo simungaupeze kagudumu kali pa A+. Aliyense wogula kamera imene yadutsa m'manja mwa wina achite zonse ziwirizi tsiku loyamba.

Fulashi nayo ili ndi malamulo ake. Mukaidzutsa, liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, silipitirira 1/200 ya sekondi, ngakhale mupotoze bwanji, ndipo AEB yojambula zithunzi zitatu zosiyana kuwala imazima. Itsekeni, zonse zithekanso. BULB, yosiya shutter yotsegula nthawi yonse imene mwadina batani, musaifune pa kagudumu. Ili mkati mwa M, mukatsitsa shutter kudutsa masekondi 30. One Shot ndi AI Servo, njira zimene kamera imafokasira yokha, zikasowa, onani kaswitchi ka pa lenzi, chifukwa nthawi zina kamasuntha m'chikwama n'kukhala pa MF, pofokasa ndi manja.

Dandaulo langa lili kwa amene anandigulitsa. Anandipatsa kamera yopanda buku lake, n'kuikamo memori khadi yaulesi, moti kanema ankadukiza yekha mlaliki ali pakati pa uthenga. Nditabwererako anandiyankha kuti makamera otere ndi mmene alili, chonsecho nditaikamo khadi ya Class 10 vutolo linatheratu. Ogulitsa inu, munthu akakupatsani ndalama zake zovutikira, muuzeniko ngakhale zoti bukulo limapezeka laulere pa intaneti. Chakumapeto kwake kuli tebulo loonetsa zimene zimatheka ndi zosatheka pa mode iliyonse, ndipo ine ndinalisunga mu foni.

Nyenyezi yachisanu ndaisunga chifukwa pali zina zimene kulibeko basi, ndipo musataye nthawi kuzifufuza mu menyu. Kamerayi inatuluka mu 2018 ngati ya oyamba kumene. Kanema amathera pa Full HD, 4K kulibe, pobayira maikolofoni palibe, sikirini sitembenuka, ndipo imajambula zithunzi zitatu zokha pa sekondi. Pa perekaniperekani, anthu akuvina n'kumaponya ndalama, liwiro limenelo limachepa, ndiye ndimadikira kuti woponyayo akweze dzanja kenako n'kudina kamodzi.