Basi yopanda denga ya ku London: tikiti ya tsiku limodzi ikanatikwanira

Mu Ogasiti 2023 tinapita kutchuthi ku London tili anthu asanu: ine, bambo a kunyumba, ana athu awiri, mtsikana wazaka 12 ndi mnyamata wazaka 7, komanso amayi anga amene mawondo amawavuta. Tinafikira kwa mng'ono wanga ku Woolwich. Ndemanga iyi ndi ya basi zija zonyamula alendo odzaona malo, zosanjikizana koma zopanda denga pamwamba, zimene umakwera n'kutsika pasiteji iliyonse imene wafuna. Kampaniyo sindiitchula dzina. Alipo angapo ochita bizinesi yomweyi ndipo amaima m'malo ofanana. Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Pa ziwiri zimene ndachotsazo, imodzi ndi mlandu wawo, inayo ndikuvomera kuti ndi wanga.

Ukakhala ndi wachibale kunja umaganiza kuti wokuperekeza wamupeza kale. Sizili choncho. Mng'ono wanga ndi namwino, alamu nawonso amagwira ntchito ya mashifiti, ndipo pa masiku 12 amene tinakhalako anangopeza atatu okha opuma. Masiku enawo ankachoka ife tili m'tulo n'kubwera maso ali gwa ndi kutopa. Choncho tinagula pa intaneti tikiti ya maola 48, imene inaphatikizapo ulendo umodzi wa boti pamtsinje wa Thames, kuti tiziyenda tokha osavutitsa eni nyumba.

Chinthu choyamba chimene sindinachiganizire n'chakuti basi zimenezi zimangozungulira pakati pa mzinda. Achibale ambiri sakhala kumeneko, nyumba zake n'zodula. Woolwich ili mu Zone 4, kutali ndi pakati pa mzinda, ndiye m'mawa uliwonse tinkayamba talipira sitima. Mwayi wake pali njanji ya Elizabeth line, imene inatsegulidwa mu Meyi 2022, ndipo pamphindi pafupifupi 20 tinkakhala titafika pa Tottenham Court Road. Kuchoka apo tinkatsetsereka wapansi mpaka ku Trafalgar Square, amayi akuima pang'onopang'ono kuti apume. Amene akuganiza kuti tikiti ya basiyi ithetsa nkhani yonse ya mayendedwe awerengenso bwino ndalama zake.

Pa Trafalgar tinayamba ndi kulakwitsa. Tinaima pamzere wa kampani ina, tinafika mpaka pakhomo, mnyamata wake n'kuyang'ana foni yanga n'kupukusa mutu. Wathu anali cha patsogolo, atavala jekete ya mtundu wina. Iye anajambula kachizindikiro ka pafoni ndi makina ake n'kutipatsa kapepala konga lisiti, n'kunena kuti maola 48 ayamba kuwerengedwa pompo. Kapepalako musakataye ndipo kasanyowe, chifukwa ndi kamene amafuna kuona nthawi iliyonse mukamakwera.

Chikwangwani chinkati basi imabwera mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Yoyamba inabwera yodzaza pamwamba, tinaisiya. Tikudikira yachiwiri, amayi anandikoka mkono. "Mwanawe, taona uko. Bambo avala chipewa aja, si a Chilembwe amenewo?" Ndinaseka, ndimvekere amayi kutopa kwayamba. Mtsikana wanga anathamanga kukawerenga chikwangwani, n'kubwerako akukuwa kuti agogo akunena zoona. Pakona ina ya bwaloli pali nsanja imene amaikapo ziboliboli mosinthasintha, ndipo nthawi imeneyo panali cha Samson Kambalu chotchedwa Antelope, chimene chinaikidwa mu Seputembala 2022. Anachitengera pachithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley. Chilembwe anamupanga wamkulu kuposa mnzakeyo, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Amayi anaima pamenepo nthawi yaitali, manja kumbuyo, osalankhula. Basi yachiwiri inatidutsa tikuona. Chibolibolicho anachichotsa mu 2024, choncho opita panopa akapezapo china. Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti titakwera, mawu a m'mahedifoni amene anatipatsa m'basimo anafotokoza za Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi, amene waima pamwamba pa chipilala, za nkhondo ya ku Trafalgar ya mu 1805, za mikango inayi ya m'munsi mwake, koma za nsanja ija sanatchuleko n'kamodzi komwe. Mawuwo anajambulidwa kalekale ndipo sadziwa chimene chili panja lero.

Masitepe okwerera pamwamba ndi opanikiza komanso opotoka. Apa ndiyamike dalaivala, chifukwa anadikira mpaka amayi atakhala pansi, sanawathamangitse ngakhale anthu ena ankaoneka kuti atopa nafe. Titakhazikika, ola loyamba lija linali lokoma zedi, ndipo ndi limene lachititsa kuti ndisapereke nyenyezi ziwiri. Uli pamwamba umaona zimene woyenda pansi sangaone, ndipo wokwera sitima yapansi panthaka saona chilichonse. Tinatsika ndi msewu wa Whitehall, tinaona asilikali okwera pamahatchi atangoti chilili ngati zidole, kenako geti lachitsulo la Downing Street, kumene kumakhala nduna yaikulu ya dzikolo. Patsogolo pake nsanja ya wotchi ija inangoti tulukiru, yowala chifukwa anali atangomaliza kuikonza. Mnyamata wanga anaphunzira pomwepo kuti Big Ben ndi dzina la belu la mkati, lolemera matani oposa 13, ndipo nsanjayo inatchedwa Elizabeth Tower mu 2012. Mpaka lero amakonza aliyense amene walakwitsa. Pambali pake pali Westminster Abbey, kumene Mfumu Charles III anavekedwa chisoti pa 6 Meyi 2023, komanso kumene David Livingstone anaikidwa mu 1874. Tinawoloka mtsinje, gudumu la London Eye lotalika mamita 135 lili pambali pathu, kenako tinabwereranso tsidya lino kukadutsa pa tchalitchi cha St Paul's, chimene Christopher Wren anamanga moto wa mu 1666 utapsereza chakale. Pa Tower Bridge ana anaimirira ndi chisangalalo mpaka anawauza kuti akhale pansi. Mlathowu unatsegulidwa mu 1894 ndipo umatukuka pakati zombo zazitali zikamadutsa. Ambiri amausokoneza ndi London Bridge, umene uli chapafupi ndipo ndi mlatho wamba woti sungaujambule n'komwe.

Kwa munthu wachikulire amene sangayende mtunda wautali, palibe njira ina imene ikanamuonetsa zonsezi m'mawa umodzi ali khale pampando. Amayi anachotsa mahedifoni patangopita mphindi zochepa, akuti akuwasokosera, n'kumangoyang'ana, mdzukulu wawo akuwamasulira zimene wamva.

Mavuto anayamba cha kumasana. Mvula inayamba kuwaza, anatigawira timajasi ta pulasitiki topyapyala ngati jumbo, ndipo mphepo inkatikweza kumaso. Aliyense anathamangira pansi, kumene mipando ndi yochepa ndipo mawindo anachita nthunzi moti sunkaona kanthu. Ogasiti ndi chilimwe kumeneko, koma pamwamba pa basi ikamayenda kumazizira, tengani majuzi. Ndiye panali kuthithikana kwa magalimoto. Basi ya alendo ilibe msewu wakewake, imaima pamaroboti onse ngati ina iliyonse. Pena tinakhala malo amodzi mphindi zoposa 20 tikuyang'ana khoma la ofesi, m'makutu mukungolira kanyimbo kamodzimodzi kobwerezabwereza. Pena mawu ankafotokoza nyumba imene tinaidutsa kale. Chimbudzi mulibe, ndipo amene anayendapo ndi mwana wazaka 7 akudziwa tanthauzo lake. Tinatsika mwadzidzidzi pamalo pamene sitinakonze, ndipo kuti tikwerenso tinadikira mphindi 45. Ndinayang'ana pawotchi chifukwa mkwiyo unali utandifika pakhosi.

Ku Buckingham Palace basi yathu sinadutse kutsogolo kumene anthu amajambulitsa. Inatitsitsa mumsewu wa m'mbali, kwinako tinayenda tokha. Zimenezi sanazilembe poonekera pamene tinkagula. Komanso tikitiyi siikulowetsani kulikonse. Ku Tower of London, kumene kumasungidwa zisoti zachifumu ndi akhwangwala aja amati akadzathawa ufumu udzagwa, tinalipira padera, ndipo si ndalama yochepa kwa anthu asanu. Chomaliza, basi yotsiriza inanyamuka cha m'ma 6 koloko madzulo, pamene dzuwa mwezi umenewo limalowa cha m'ma 8 koloko. Maola awiri abwino kwambiri, kunja kutayera, mvula itakata, anangopita pachabe.

Boti ndiye linatibwezera mtima m'malo. Tinakwerera pafupi ndi Tower kulowera ku Greenwich. Pamadzi palibe maroboti. Wofotokoza anali munthu weniweni, mmodzi mwa ogwira ntchito m'botimo, wanthabwala zake, ndipo potsika anaika kachidebe pakhomo kuti amene wasangalala aponyemo kangachepe. Tinaponyamo mosanyinyirika. Mkati munali motentha bwino, chimbudzi chinalimo, amayi anapeza mpando wa pawindo popanda kukwera sitepe. Ku Greenwich ana anazungulira chombo cha Cutty Sark cha mu 1869, chimene chinkanyamula tiyi kuchokera ku China, kenako anakwera phiri ndi bambo awo kupita ku Royal Observatory, imene inakhazikitsidwa mu 1675, kukaima mwendo wina kum'mawa wina kumadzulo kwa mzere umene umagawa dziko pakati. Ine ndi amayi tinatsala m'munsi pabenchi, chitunda chake si cha mawondo awo. Kuchoka ku Greenwich kupita ku Woolwich ndi pafupi, basi wamba inatifikitsa.

Tsopano nyenyezi imene ndi mlandu wanga. Usiku womwewo foni inalira. Msuweni wathu wa ku Luton, amene tinali tisanaonane zaka zoposa 10, anati wapempha tsiku kuntchito ndipo mawa akubwera ndi banja lonse kudzaona azakhali ake. Kodi munthu ungayankhe kuti pepani achimwene, tili ndi tikiti ya basi? Anafika cha m'ma 11, ena awiri amene anamva mphekesera anatulukiranso, kanyumba kazipinda ziwiri kanadzaza mpaka ana kukhala pamasitepe. Bambo a kunyumba ankangondiyang'ana n'kuloza wotchi mwakabisira, ine n'kumayang'ana kumbali. Tsiku lachiwiri la tikiti linathera pabalaza, ndipo sindikudandaula kuti linathera pamenepo. Ndikudandaula kuti ndinalilipiriratu. Maolawo akayamba kuwerengedwa saima, ndipo ukapita kwa abale, tsiku la mawa si iwe amene umalipanga.

Alamu atamva zimene tinalipira anagwira pakamwa. Tsiku lawo lopuma anatitenga n'kutikweza basi yofiira nambala 15 pa Trafalgar pomwepo. Imadutsa ku Fleet Street, pa St Paul's mpaka ku Tower of London, njira imene tinadutsa ndi basi yodula ija. Mtengo wake unali £1.75 munthu wamkulu, ndipo ukasintha basi ola lisanathe sulipiranso. Ukakwera basi zokhazokha tsiku lonse, ndalama inkasiya kudulidwa ikafika £5.25. Mwana wosakwana zaka 11 salipira pabasi, ngakhalenso pasitima akakhala ndi wamkulu amene walipira. Mtsikana wathu tinamugulira khadi yolipirira maulendo yotchedwa Oyster, ndipo wogwira ntchito pasiteshoni anaikamo kuchotsera kwa alendo azaka 11 mpaka 15, kumene kumadula mtengo pakati kwa masiku 14. Dziwani kuti basi za mu London zinasiya kulandira ndalama yapamanja mu 2014, umangogunditsa khadi, ndipo aliyense wolipira akhale ndi yake. Tinapeza mipando yakutsogolo pamwamba, galasi lalikulu patsogolo pathu, denga kumutu, mvula ikugwa panja ife tili phee. Wofotokoza anali alamu. Zaka za nyumba sankazidziwa, koma ankatilozera pamene anagwirapo ntchito yawo yoyamba atangofika, ndi siteji imene anagonapo tsiku lina ataphonya sitima yomaliza. Amayi nkhani zimenezo anazimvetsera mpaka kumapeto.

Masiku otsalawo tinayenda choncho. Ku Natural History Museum tinalowa ulere, ana n'kuima kukamwa kuli yasa pansi pa mafupa a namgumi otalika mamita 25 amene apachikidwa kudenga. Ku British Museum nakonso kulowa ndi kwaulere.

Ndinawalembera a kampani kudandaula za mphindi 45 zija ndi za basi yotsiriza. Anayankha patatha mlungu, mawu aulemu koma oonekeratu kuti amatumizira aliyense, akuti kuchuluka kwa magalimoto si mphamvu yawo. N'zoona, koma akanalemba pachikwangwani nthawi imene akudziwa kuti angaikwanitse.

Amene muli ndi gogo kapena ana aang'ono ndipo n'koyamba kufika mumzindawu, gulani ya maola 24 yokhala ndi boti. Kwerani basi yoyamba m'mawa misewu isanadzaze, zungulirani kamodzi osatsika, masana mupite pamadzi. Ndipo musagule musanafunse eni nyumba kuti mawa kubwera ndani. Timajasi tapulasitiki tija amayi anatipukuta n'kutipinda bwinobwino tonse tisanu, akuti tidzagwira ntchito. Mahedifoni ana anawatenga, koma a mnyamata anali atasiya kale kumveka khutu lakumanzere tisanafike n'komwe pa St Paul's.